Mwana amene adameta yekha: kuonera Over the Moon ku Ngabu

Filimu iyi ndaionera kawiri. Koyamba ndinali ku Zomba, ndili pasukulu, itangotuluka kumene pa Netflix kumapeto kwa 2020. Mnzanga wina adandiikira pa fulashi, ndipo kunena zoona ndidagona isanathe. Ndidaiona ngati katuni ya ana a anthu olemera, yodzadza nyimbo ndi magetsi othwanima. Kachiwiri ndaionera pa 15 Okutobala 2024, pa Tsiku la Anakubala, pakhonde pa mayi anga ku Ngabu, ndili ndi mwana wa malemu mlongo wanga, mtsikana wa zaka 9. Ulendo umenewu sindinagone, ngakhale filimu itatha.

Amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti nthawi zambiri ndimalemba za mabuku. Lero mundilole ndilembe za katuni, chifukwa yandivuta mutu kuposa mabuku ambiri amene ndawerenga chaka chino.

Over the Moon adaiwongolera Glen Keane, mkulu amene adakhala zaka zambiri ku Disney akujambula anthu ngati Ariel, Aladdin, Pocahontas ndi Tarzan. Idapangidwa ndi Netflix pamodzi ndi Pearl Studio ya ku Shanghai, ndipo mu 2021 idalowa nawo pa mpikisano wa Oscar, koma idagonja kwa Soul. Nkhani yake adalemba ndi Audrey Wells. Mayi ameneyu ankalemba akudwala khansa, akudziwa kuti asiya mwamuna ndi mwana wamkazi, ndipo adamwalira mu Okutobala 2018, filimu isanathe kupangidwa. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako.

Nkhani ili motere. Fei Fei ndi mtsikana wa m'tauni ina ya ku China ya m'mbali mwa madzi, kumene makolo ake amagulitsa makeke a mwezi. Makekewa ndi a chikondwerero cha pakati pa nyengo yokolola, chomwe chimachitika pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chitatu pa kalendala yawo yotsata mwezi, ndiye kuti mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Usiku umenewo mwezi umakhala wathunthu, abale amabwera kuchokera kutali, amadya pamodzi, amayatsa nyali zapepala, n'kumayang'ana kumwamba. Kekeyo ndi yozungulira ngati mwezi, ndipo kuzungulirako kumatanthauza banja lathunthu, lopanda wosowa.

Mayi ake a Fei Fei ankakonda kumuuza nthano ya Chang'e. Kalekale, akuti, kumwamba kudali madzuwa khumi, dziko likupsa, mpaka katswiri wa uta dzina lake Houyi adalasa asanu ndi anayi n'kusiya limodzi. (Ife a kuchigwa kuno timakayika ngati adawerenga bwino. Amene adakhalapo ku Nsanje mu Okutobala akudziwa kuti adasiya awiri.) Mkazi wake, Chang'e, adamwa mankhwala oletsa imfa n'kuuluka kupita kumwezi, mwamuna n'kutsala pansi, n'kufa monga munthu aliyense. Kumwezi kuja Chang'e amakhala ndi kalulu amene amasinja mankhwala mumtondo. Nthanoyi ku China si ya ana okha: zombo zimene dzikolo limatumiza kumwezi amazitcha Chang'e, ndipo ya nambala 4 idatera kuseri kwa mwezi mu Januwale 2019.

Ndiye mayi aja akudwala. Apa ndi pamene Keane ndi anzake adaonetsa kuti ntchito amaidziwa. Palibe dokotala, palibe dzina la matenda, palibe wolira mokweza. Nyimbo yophikira makeke ikupitirira, yosangalatsa ndithu, koma mkati mwake mayi akufooka, kenako sakuyendanso okha, kenako akupatsa mwana wawo kakalulu koyera koti kazimusangalatsa, kenako chatsala ndi chithunzi. Zonsezi m'mphindi zochepa. Umo ndi momwe mwana amaonera matenda a kholo lake: palibe womufotokozera, amangoona kuti amene ankakanda ufa lero akhala pansi.

Filimuyi ndi ya Chingerezi, ndipo mwana wa mlongo wangayo Chingerezi chake ndi cha Sitandade 4. Choncho ine ndinkamasulira, monga amachitira anyamata a mafilimu omasulira amene timaonera m'mashoo a vidiyo pa Dyeratu kapena pa Nchalo, aja amapatsa akatswiri a kung fu mayina a kwathu. Ndinkakometsera, iye akuseka. Titafika pa chithunzi chija panalibe mawu oti ndimasulire. Ndinangoti zii. Iye ndiye anayankhula.

"Amalume, amwalira eti?"

Ndinati eya.

Mlongo wanga adatisiya mu 2021, mwanayu ali ndi zaka 6. Tsiku la maliro tidamutumiza kwa azakhali ake ku Nchalo pamodzi ndi ana ena. Atabwerako tidamuuza kuti amayi apita ku Blantyre kuchipatala chachikulu, akachira abwera. Bodza limeneli ndidalinena nawo ine, malume wake, wophunzira wa pabanja. Patapita miyezi adasiya kufunsa, ife n'kumati waiwala. Pa zaka zitatu zonsezo, mawu oti "amwalira" anali asananenedwepo pamaso pake ndi munthu wamkulu wa kwathu. Adawanena yekha, akunena za mayi wa m'katuni.

Chimene ndikufuna kunena chili pa tsitsi. Mayi ake ali moyo, Fei Fei ali ndi tsitsi lalitali losamalidwa bwino. Atamwalira, tsitsi lija likuoneka lalifupi, lodulidwa mokhotakhota, nsonga zili mbali zonse, ngati ladyedwa ndi mbuzi. Adadula yekha ndi sizasi. Zaka zinayi zikudutsa m'filimu, tsitsi likadali choncho. Akuseka nalo, akupita nalo kusukulu, akukwera nalo roketi. Wojambula adaika maliro pamutu pa mwana kuti tisawaiwale ngakhale pamene nkhani yayamba nthabwala.

Munthu wa kwathu akaona zimenezi sasowa womumasulira. Ifenso timameta. Maliro akaikidwa, pakapita masiku, abale amasonkhana, lumo limayenda pamutu pa aliyense, ndipo tsitsi latsopano likamamera ndiye kuti moyo wayambanso. Masiku ano ena amangodula pang'ono pamphumi, ena matchalitchi awo amakaniza, koma tanthauzo timalidziwa: chisoni ndi cha tonse, chili ndi tsiku loyambira, ndipo pali anthu okuuza kuti tsopano wamasuka. Fei Fei adachita mwambo womwewo, koma yekha, m'chipinda, popanda womugwira mutu. Kumeta kopanda mboni sikumasula munthu.

Nditayima kaye filimu kuti ndikamwe madzi, mwana uja anandiuza chinthu chimene sindidzaiwala. Anati, "Ine ndinkadziwa kalekale. Nditabwera ku Nchalo ndinapeza agogo ameta, inunso munameta, adadi anameta. Ine ndekha ndi amene ndinali ndi tsitsi."

Tidaganiza kuti tikumuteteza. Chimene tidachita ndi kumutulutsa pa maliro a mayi ake omubala, n'kumusiya aziwerenga yekha mitu yathu.

Tibwerere ku China. Zaka zinayi zitadutsa, pa tsiku lenileni la chikondwerero, bambo ake a Fei Fei akubweretsa mayi wina, Mrs Zhong, ndi kamnyamata kake kovuta, Chin. Gawo la patebulo ndi labwino kwambiri m'filimu yonse. Azakhali akukangana za Chang'e moseka, wina akuti adali wodzikonda, wina akumuikira kumbuyo. Mlendo uja akuyesetsa, wabweretsa zipatso za kwawo zoika m'makeke, koma kwa Fei Fei zimenezo ndi kusintha kaphikidwe ka mayi ake. Palibe woipa patebulopo. Aliyense akudya mosangalala, ndipo chomwe chikumupweteka mwana n'chomwecho. Maganizo ake akuyenda mwa umwana koma molunjika: ngati Chang'e alipodi ndipo akudikirabe Houyi mpaka lero, ndiye kuti chikondi sichitha, ndiye kuti adadi alibe chifukwa chokwatiranso. Chotsala ndi umboni. Akumanga roketi kuti akajambule chithunzi cha mfumukaziyo.

Apa filimu yagwira chinthu chimene ife timachiphonya. Chisoni cha mwana sichikhala pa tsiku la maliro. Chimabwera pa tsiku limene limabwerera chaka ndi chaka, pamene aliyense ali pamalo pake kupatula mmodzi. Kwa Fei Fei ndi usiku wa makeke. Kwa mwana wa ku Malawi kuno ndi 15 Okutobala, pamene wailesi ikuimba nyimbo za amayi kuyambira m'mawa, pamsika zitenje zikugulidwa, kutchalitchi ana akuimirira kupereka mphatso. Amene tidaika tsikuli pa kalendala sitidaganize zoti tichite naye mwana amene alibe womupatsa chitenje. Mlamu wanga, mwina mozindikira, mwina ayi, adamutumiza kwa agogo ake sabata imeneyo.

Roketi ikangonyamuka, filimu ikusochera. Kumwezi kuli mzinda wotchedwa Lunaria, wa mitundu yowala ngati maswiti, wodzadza tizinthu tozungulira topanda nkhope zogwira mtima. Chang'e akutulukira ngati woimba wa pa siteji, magetsi ali phuliphuli, zovala zake zokonzedwa ndi Guo Pei, ndipo Phillipa Soo amaimba bwino, izo sindikana. Koma kenako kukubwera mpikisano wa ping-pong, nkhuku zokwera njinga zamoto, kuthamangitsana kofunafuna "mphatso" imene palibe akuidziwa. Pafupifupi theka la filimu likuthera pamenepo. Zikuoneka kuti opanga adachita mantha ndi chimene adayamba. Adaona kuti ana akhala chete nthawi yaitali, ndiye tiwapatse phokoso. Ndi khalidwe lomwe lija la akuluakulu pamaliro, lopatsa mwana bisiketi kuti apite akasewere.

Ndivomereze kuti mnzanga woonera naye sadagwirizane nane. Nkhuku zija adaseka mpaka kutsokomola. Adakondanso Gobi, kanyama kobiriwira kolongolola kamene Chang'e adakathamangitsa m'nyumba yachifumu. Ine Gobi adandiseketsa pa chifukwa china: ndi ngaka. Nyama yomweyi ya ku Lengwe ndi ku Majete, imene anthu akumangidwa nayo m'matumba chifukwa mamba ake ali ndi msika ku Asia, pano ikuimba nyimbo yolimbikitsa ana. Koma iyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Filimu ikudzapezanso njira kumapeto. Mphatso ija ikupezeka kuti ndi theka la mwala wa mkanda, lobisika mkati mwa keke imene Mrs Zhong adapatsa Fei Fei, keke imene mwanayo sadafune n'kuidya komwe. Chang'e akulumikiza mwalawo ndi theka lake, Houyi akubwerera, koma kwa kamphindi chabe. Akumuuza mkazi wake kuti sangakhale, n'kuzimirira. Magetsi onse a Lunaria akuzima. Mfumukazi ikudzitsekera m'chipinda cha mdima, ndipo Fei Fei polowamo kuti akaitonthoze akukumana ndi chisoni chake chomwe, n'kukhala pansi, osafunanso kutuluka. Pamenepo mulibe nthabwala. Muli anthu awiri ofedwa, wamkulu ndi mwana, aliyense akuona mwa mnzake chimene akukana kuona mwa iye mwini. Kwathu timati maliro n'kulirana, ndipo m'filimu yonse apa ndi pokhapo pamene Fei Fei akulirana ndi munthu.

Dandaulo langa lalikulu lili pomwepa. Kuti mwanayu apeze munthu wamkulu wokhala naye pansi, wachita kupita kumwezi. Pansi pano panali bambo ake, agogo, azakhali awiri. Nkhani ya ukwati akuimvera kwa Chin, mwana mnzake. Bamboyo ndi munthu wofatsa, amayesako kutsegula pakamwa, koma mochedwa, ndipo filimu siimufunsa mlandu uliwonse. Pomaliza amene akusintha ndi mwana. Iye ndiye akuphunzira, iye ndiye akulandira mayi watsopano, akuluakulu ali pomwe adali. Ndikakumbukira kuti wolemba anali mayi amene akutsanzika, ndimamvetsa. Audrey Wells ankauza mwana wake kuti usadzamuletse bambo ako kukondanso, ndipo ankauza mwamuna wake kuti ndakumasula. Munthu amene akufa sangalembe filimu yoimba mlandu otsala. Koma ine woonera, amene ndili mmodzi wa akuluakulu osayankhula aja, ndidatuluka mosavuta kwambiri. Filimu idandikhululukira ndisanapepese.

Chinanso, uthenga woti "pitirira ndi moyo" ukumveka wa ku America kuposa wa ku China. Anthu a ku China akufa awo sawasiya. Kumayambiriro kwa Epulo ali ndi tsiku la Qingming, pamene mabanja, ana omwe, amapita kumanda kukasesa, kupereka chakudya ndi kuotcha zofukiza. Filimu ya Coco ya 2017, yochokera pa mwambo wa ku Mexico, idalimba mtima pamenepa: idati wakufa amafa kachiwiri mukasiya kumutchula. Over the Moon ili pakati, ikufuna kumasula komanso kusunga. Chimene chikuipulumutsa ndi mbalame yoyera ya miyendo italiitali imene ikumaonekera pamadzi Fei Fei akakhala yekha, ndipo ikudutsanso kumapeto. Palibe akunena kuti mbalameyo ndi ndani. Mwana uja anangoti, "Kakowa uja wabweranso," ngati akunena za kakowa wa ku Elephant Marsh, ndipo sanafunse zambiri.

Pali zina zimene mwana wa kuchigwa sangazione m'filimuyi. Fei Fei wataya mayi, koma nyumba ndi yomweyo, sukulu yomweyo, bedi lomwelo. Kuno imfa ya mayi imabwera ndi funso loti mwana ndi wa yani. Ife Amang'anja timati ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Mlamu wanga ndi Msena wa ku Bangula, adapereka malowolo, ndipo kwawo mwana ndi wa bambo. Tidakhala pansi akuluakulu, tidakambirana masiku awiri, mwana adapita kwa bambo ake. Iye sadafunsidwe. Ndipo uyu ndi wamwayi, chifukwa mayi ake ali ndi manda. Madzi a mu Januwale 2015, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 adasiya ana ku Makhanga ndi m'midzi ina ya m'mbali mwa Shire ndi Ruo amene makolo awo sadapezeke n'komwe. Kwa mwana wotere, mawu oti "apita, abwera" ngakhale wamkulu wowanenayo sadziwa ngati ndi bodza. Katuni ya mwana ameneyo palibe adaijambula.

Koma pa mayi womupeza, filimuyi yatiposa. Nthano zimene tidakulira nazo, zopsereza mtedza usiku, mayi womupeza amakhala mfiti ya munthu: amamana mwana wamasiye chakudya, amamutuma kumadzi usiku, mpaka mbalame kapena mzimu wa mayi ake udzaulule. Timawauza ana zimenezi, kenako n'kuwatumiza kukakhala ndi mayi owapeza, n'kumadabwa akamanjenjemera. Mrs Zhong ndi munthu wamba, wamanyazi, woopa kulakwitsa, ndipo chinthu chimene Fei Fei adachifunafuna mwezi wonse chidali m'keke ya mayiyo, m'chikwama chake chomwe. Ena anganene kuti fanizoli ndi lophweka kwambiri. Mwina. Koma ine ndidayang'ana mutu wa mwana amene adakhala pambali panga, woluka bwino mizere yowongoka, ndipo ndikudziwa amene adamuluka. Si ife a kuchikazi.

Chomwe ndimasirira pa anzathuwa si makeke kapena nyali. Ndi chakuti mwambo wawo uli ndi khomo lolowera mwana. Nthano ya Chang'e ndi ya imfa ndi kusiyana, koma amaifotokoza kwa mwana wa zaka zisanu, patebulo, chaka chilichonse, kotero kuti tsoka likadzafika amakhala ali kale ndi mawu. Ife miyambo tili nayo yambiri: kumeta, kusudzula, kulambula kumanda, kumanga chiliza, ndipo Akatolika ali ndi 2 Novembala. Ngakhale nkhani ya mkazi wokhala payekha chifukwa cha mwamuna amene adafa kalekale si yachilendo kuno. Ku Khulubvi, ku Nsanje, mwambo wa Mbona umadziwa Salima, mkazi wopatulidwa kukhala mkazi wa mzimuwo. Sindikunena kuti wina akajambule katuni ya ku Khulubvi, malo aja ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Ndikungoti zipangizo zoganizira imfa sitisowa. Koma pafupifupi zonse ndi za akuluakulu. Mwana timamuuza kuti kumanda sapitako, osaloza chala, akafunsa timati "ukadzakula udzamva".

Filimu itatha, batire ya laputopu inali itatsala pang'ono. Kunkatentha moti tonse tinayala mikeka panja, ndipo mwezi unali utatsala masiku awiri kuti ukhale wathunthu. Anandifunsa ngati muli kaluludi. Ndinati ife agogo ankatiuza kuti muli mayi wosenza nkhuni, wabereka mwana kumbuyo. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti akuona mayiyo, kalulu sakumuona. Mayi anga anali chigonere chapafupi, nkhope atalozetsa kukhoma. Ndikudziwa kuti sanali mtulo.

Kenako anafunsa. "Amalume, nanga amayi anawaika kuti?"

Manda ali kwawo kwa bambo ake, m'kamsitu kamene amadutsa pafupi tsiku lililonse popita kusukulu. Ndinamuuza kuti ndiyankhula ndi adadi ake kuti tidzapite limodzi, iye, ineyo, agogo, ndi amayi ake omupeza ngati angafune. Anati chabwino, n'kutembenuka, n'kugona.

Mlamu wanga ndinamuimbira Lachisanu la sabata yomweyo. Anakhala chete kanthawi pafoni, kenako anati nkhaniyi ndi yofunika akuluakulu a kwawo ndi amfumu, tikambirana mvula isanagwe. Mvula inagwa, anthu anadzala, anakolola. Ndamuimbiranso dzulo, ndipo wati ndibwere Loweruka.